Kuseri kwa Katani Yobiriwira

4 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi ndi onse a kushopu. Ife kuno tilipo, ine ndi mlamu wanu, kungoti filimu yatsopanoyi yatisandutsa akapolo.

M'phukusimu mupezamo kachipangizo kakuda, kukula kwake ngati sopo wosambira. Musakaope, n'kojambulira mawu. Mukadina batani lofiira kamayamba kumvetsera, mukadinanso kamaleka. Ndikufuna mundijambulire phokoso la m'shopu mwathu: makina opalasa aja, sizasi ikamadya nsalu patebulo, mphete za katani zikamakhwekhwereka pachitsulo. Koma chachikulu ndi kuseka. Azimayi aseke ali kuseri kwa katani, inu kachipangizoka mukaike kunja, pabenchi ya makasitomala. Kuno ndayesa ndi atsikana a zisudzo, koma amaseka ngati olipidwa, ndipo kunena zoona timawalipiradi.

Filimuyi ndi ya maloto, musaifunse kuti mutu wake uli kuti. Mwamuna wina walowa m'shopu ya matelala achikazi kuti amufupikitsire thalauza, ndipo sakutulukamonso. Zambiri ndidzakuuzani.

Chachiwiri, katani yobiriwira ija yogawa shopu pakati ikadalipo? Ngati ilipo ndibwerekeni. Kwatsala chithunzi chomaliza chokha, ndipo ndayenda misika yonse osapeza kubiriwira kwa mtundu umenewo. Mutumize zonse pabasi monga ndachitira ine.

Amayi muwapatse moni.

Ndine mlongo wanu,
Kabatani
(Dzinali ndadzilembera ndekha, musavutike kundikumbutsa kuti ndinameza batani ndili mwana.)

18 Febuluwale

Iwe Kabatani,

Tili bwino, kaya inu kumeneko. Kalata yako ndaiyeza ndi tepi: za katani mizere inayi, za Amayi mzere umodzi. Zaka khumi ndi chimodzi osaponda pakhomo pano, lero wakumbuka nsalu.

Kachipangizo kako katisautsa. A Zipi ndi a Choko, anzawo a Amayi aja, akadali pamakina awo. Akalamba, koma pakamwa pokha mpamene sipanakalambe. Nditawauza kuti ndikujambula, a Zipi anati ndidikire adzole kaye milomo. Ndinawauza kuti kanthuka kalibe maso, iwo osamva. A Choko anayamba kuyankhula mokoka mawu ngati owerenga nkhani pawailesi. Nditati sekani tsopano, onse anangoti zii. Anthu amene tsiku lonse amangokhalira phwete, ukawapempha kuseka amakhosomola. Mwayi unabwera a Zipi atakhalira kapilo ka mapini. Zimenezo ndiye ndakujambulira, zili pakakadi kali m'envulopumu.

Tsopano imva za mzere umodzi uja. Amayi nkhaniyi yawalowa m'mutu. Kasitomala aliyense akumuuza, mapini ali pakamwa, kuti mwana wawo akupanga filimu ya shopu yawo. Atulutsa nsalu yabuluu ija inakhala m'sutikesi zaka zisanu ndi chimodzi, akudzidulira diresi lovala tsiku loonetsa filimuyo. Maso awo ayamba kuchita chifunga, ulusi ndimawalowetsera ndine pasingano, koma diresi limeneli akuti wina asalikhudze. Sindinawaone akusangalala chonchi chichokere iwe.

Katani sakukana. Akuti ayambe asoka ina yolowa m'malo, poti shopu iyi siinachezepo tsiku limodzi popanda katani.

Ndiye tandiuza, pakuti ndine amene ndikufunsidwa m'mawa ndi madzulo: m'filimu yakoyo Amayi akuchitamo chiyani?

Ndine,
Chemwali wako

5 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Kakadi kafika, makina ndi sizasi zamveka bwino kwambiri. Koma kuseka sikumeneko. Kwa kapilo ka mapiniko n'kokoma, munthu ukakumva umafuna kuseka nawo. Ine ndikufuna kwa tsiku lija.

Mwafunsa, ndikuyankhani mosabisa. Mwamuna wa thalauza uja amuuza kuti adikire pabenchi. Pakatani akuona zithunzithunzi za akazi akuvula madiresi, mtima n'kumukoka. Akutsegula katani, akupeza katani ina. Akutsegula imeneyo, akuona phewa la mkazi likulowa kuseri kwa inanso. Amalondola choncho chipinda ndi chipinda, shopu osatha. Paliponse akazi akumuyeza, khosi, chifuwa, chiuno, n'kumaitanirana manambala uku akuseka. Akamuyeza kamodzi iye amafupika pang'ono, thalauza n'kumatalika, mpaka akuyenda pakati pa mabatani aakulu ngati mbale. Kumapeto katani yomaliza ikutseguka, mukutuluka dzanja la mayi wamkulu litagwira sizasi, likumulozera kumsewu. Mayi ameneyo ndi Amayi. Dzina sindinatchule, koma aliyense wowadziwa adzawazindikira.

Inu munali ndi zaka khumi ndi zinayi, mukukumbuka. Linali Loweruka, ine ndili pabenchi kusankha mabatani. Ababa anafika akukankha njinga, anaima pakhomo n'kuitana Amayi katatu. Kuseri kwa katani makina onse anayi anali kulira, ndipo azimayi anali kuseka, kuseka kosalekeza, kopanda chisoni. Kenaka dzanja lija ndi sizasi ya zogwirira zakuda. Ababa anatembenuza njinga osandiyang'ana, ndipo m'nyumba mwathu sanagonemonso. Pamene ndinkakawachezera kumene anakakhala, ankangoti, “Akazi aja anandiseka, mwana wanga.” Pamaliro awo Amayi sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. N'chifukwa chake sindibwera.

Ndikuuzani chimene sindinauzepo munthu. Akazi ndimawafuna ndipo ndimawaopa, zonse pamodzi. Mlamu wanu akamaseka pafoni kuchipinda china, ndimaleka zimene ndikuchita n'kutchera khutu ngakhale ndikudziwa kuti sindinalakwe kanthu. Filimuyi ndikuipanga kuti mwina chinthu chimenechi chinditulukemo.

Sabata yatha tinaonetsa mbali imene yatha kwa anthu ochepa a kalabu ya mafilimu. Mayi wina wa magalasi anandifunsa kuti azimayi angawo akuseka chiyani. Ndinati akumuseka iyeyo. Iye anati, “Ola lonse ndi theka? Alibe zina zoseka?” Ndinamuyankha kuti awa ndi maloto, ndipo maloto sapempha chilolezo kwa afeminisiti, aja omenyera ufulu wa amayi. Anthu anaomba m'manja, koma mlamu wanu sanaombe. Mukudziwa kuti ndiye amadula ndi kulumikiza zithunzi zanga zonse. Tili m'njira anandiuza kuti akazi a m'filimu yanga ali ndi misana ndi pakamwa basi, nkhope alibe, ndipo chithunzi cha sizasicho iye sadzachikhudza. Choipa koposa, Amayi anamuimbira foni ndipo iye wawauza tsiku: pa 14 Juni, masana.

Achemwali, ndithandizeni. Amayi asabwere. Sindikufuna kuwachititsa manyazi pagulu, komanso sindingasinthe zimene ndinaona ndi maso anga.

Mlongo wanu,
Kabatani

20 Malichi

Mlongo wanga,

Kalata iyi sikudutsa m'manja mwa Amayi. Ukudziwa kuti phukusi lililonse amamanga okha, ndipo pepala lililonse amati ndiwawerengere. Pafoni sindingathe kuzinena. Ndiye ndaipinda n'kuisokera mu mpendero wa katani, pangodya ya kumanja. Ndiwe mwana wa telala, ukangoigwira udziwa kuti mpenderowu wameza kanthu.

Ndinalumbira kwa Amayi kuti sindidzakuuza. Lero ndikuswa lumbirolo, ndipo Mulungu andikhululukire.

Shopu yathu ili ndi lamulo limene amuna salidziwa. Mayi akalowa n'kunena kuti wabwera kudzayezetsa, koma m'manja mulibe nsalu, sitifunsa zambiri. Timamulowetsa kuseri. Ena amakhala pamakina n'kumapalasa opanda ulusi, a Zipi amayambitsa kuseka, onse n'kulandira. Timatero kuti odutsa mumsewu, ana ali pabenchi, ndi mwamuna amene mwina wamulondola, asamve kuti m'katimo munthu akulira pomwe tikumutsuka mabala. Lamuloli Amayi analipeza, ndipo iwo anasekera azimayi ambiri. Loweruka lija inali nthawi yawo yosekeredwa.

Ababa ankawamenya Amayi, Kabatani. Ankadziwa pomenya monga ife tidziwira pobisa msoko, malo okhaokha ophimbidwa ndi diresi. M'mawa umenewo, iwe atakutuma kukagula palafini wa nsimbi ya kushopu, anawathyola fupa la paphewa. Amayi anayenda okha mpaka kushopu, anakudutsa pabenchi akumwetulira, n'kukagwa kuseri. Mkono sunkakwezeka, diresi linakanika kuvula, ndiye a Choko anayamba kulidula ndi sizasi ya Amayi. Ine ndinagwira beseni. Madzi ankatayikira pamapazi anga, ndipo a Zipi anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, “Seka, mwana iwe, mlongo wako ali panja.” Ndinaseka. Mwa mawu amene akukuvutitsa zaka zonsezi, ena ndi anga.

Dzanja linaloza kumsewu linali la a Choko. La Amayi silikanatha kunyamula ngakhale singano.

Madzulo ake Amayi anatilumbiritsa tonse. Anati, “Mwanayu akukula ndi nkhope ya bambo ake. Akadana nawo, adzadana ndi galasi.” Ndiye anakusiya uziwakonda Ababa, uzikawachezera, uzimva za akazi oseka. Sanaganize kuti chidanicho chikasowa kopita chidzagwera iwo. Pamaliro paja sanalire, n'zoona. Misozi ya munthu ameneyo anali ataimaliza kale.

Dzina la afeminisiti limene amayi a kwanuko amadzitchula ife sitinkalidziwa. Tinali ndi katani ndi makina anayi basi. Koma funso la mayi wa magalasi uja ndi labwino, ndipo yankho lake ndi limeneli.

Sindikukuuza chochita ndi filimu yako. Ababa anali bambo anga inenso, ankandikweza pa njinga yomweyo. Ndimangofuna udziwe kuti diresi labuluu latsala manja okha, ndipo mayi amene akulisoka ndi maso achifunga akupita kukaona mwana wake akumuloza ndi chala pagulu pa mlandu umene sanapalamule. Ndiyankhe msanga.

Chemwali wako

9 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Katani yafika, mwagwira ntchito! Nditangotsegula phukusi fungo la mafuta a makina linandimenya m'mphuno, ndinakhala ngati ndabwerera pabenchi. Kalata simunaikemo, ndiye ndikuona kuti ya Malichi ija inakukwiyitsani. Pepani, koma zoona sizisankha nkhope.

Chithunzi chomaliza tajambula dzulo. Tinaika fani kumbuyo kuti katani izipuma ngati chinthu chamoyo. Ikulendewera mokhota pang'ono mbali imodzi, koma ndi nkhalamba, tiikhululukire. Mtsikana wa sizasi wachita bwino moti wojambula wanga anabwerera m'mbuyo ndi mantha. Ndikuganiza kuti ndi chinthu chabwino koposa chimene ndapangapo.

Nanga za Amayi mwafika nazo pati? Auzeni kuti tsiku lasintha, kapena kuti dokotala waletsa ulendo wautali. Inu amakumverani.

Mlongo wanu,
Kabatani

17 Epulo

Iwe,

Moni sindikupatsa. Ndakutsegulira mtima wanga, ndaswa lumbiro la zaka makumi atatu, iwe yankho lako n'kukhala fani? Ukunamizira kuti sunaone kanthu chifukwa filimu yako yakoma?

Amayi ankaopa kuti udzadana ndi galasi. Liyang'ane bwino, mwina muli kale munthu amene ukumudziwa.

Bodza la dokotala ukanene wekha. Usandiimbire, sindiyankha.

2 Meyi

Okondedwa Alamu,

Ndikupatsani moni, inu ndi Amayi. Ndine mkazi wa mlongo wanu. Sindinakulemberenipo, ndipo ndikuyamba ndi nkhani yolemera.

Kalata yanu ya m'katani aiwerenga dzulo. Sanainyalanyaze ayi, sanaione. Mwana wa telala wanuyu sadziwa kusiyanitsa mpendero ndi kolala, mabatani a malaya ake ndimasokerera ndine. Yanu yaukali ija anayenda nayo m'thumba masabata awiri, akundifunsa kuti lumbiro lake liti.

Ndinanena kuti chithunzi cha sizasi sindichikhudza, koma nditamva kuti akufuna kupatsa munthu wina, mtima unakana. Ntchito yanga ndi kuyang'ana chinthu chimodzi kambirimbiri, kuchiimitsa, kuchibweza, kuchiyendetsanso pang'onopang'ono. Ndikutero ndinaona kuti fani ikauzira, katani yonse ikuvina koma ngodya ya kumanja ikukana. Nditakulitsa chithunzi ndinaona ulusi woyera pansalu yobiriwira. Ndinati telala wa zaka zonsezi sangalakwitse chonchi popanda chifukwa. Ndinapita kumene timasungira katundu, ndinamasula mpendero ndi lezala, ndipo nditaona kuti “Mlongo wanga” ndinaipinda n'kukawapatsa.

Anayamba kuwerenga ali chiimire, anamaliza atakhala pansi pasimenti. Kenaka anandipatsa kuti ndiwerenge, ndipo anandifunsa funso limene ndalidikira zaka zisanu ndi zitatu. Anati, “Iwe ukamaseka pafoni, umaseka chiyani?” Ndinati zambiri, ndipo iwo sapezekamo kawirikawiri. Anaseka pang'ono, kenaka analira.

Ndikupepeseni pa chimodzi. Amayi ndinawauza tsiku mwadala, ndinkafuna kuti mwamunayu aonane ndi nkhope imene anakana kuijambula. Sindinkadziwa kuti pali bala lotere. Ndikanadziwa ndikanayenda mofatsa.

Usiku watha amati aifufute filimu yonse. Ndawauza kuti mantha a m'filimumo si abodza, mwana uja anaopadi, ndipo amuna ambiri adzadziona m'menemo. Chabodza n'choti imathera kunja kwa katani. Koma zolowa m'kati si ine wopereka chilolezo, ngakhalenso inu.

Ayankheni foni, Alamu. Akuoneka ngati nkhuku yonyowa.

Ndine mlamu wanu

6 Meyi

Amayi,

Ndine mwana wanu. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kalata iyi achemwali akuwerengereni, ndipo musawakalipire, mlandu ndi wanga.

Ndadziwa za Loweruka lija. Ndadziwa chifukwa chake azimayi ankaseka, ndi kuti dzanja silinali lanu. Zaka khumi ndi chimodzi ndakulangani pa chinthu chimene munandichitira mwa chikondi. Mawu opepesera okwanira ndilibe, ndipo a papepala ndi opepuka.

Filimu ndinapanga yokunenerani zoipa. Mayi woopsa wa m'menemo ndinu. Ndili ndi njira ziwiri. Nditha kuisiya osaonetsa munthu. Kapena nditha kujambula chithunzi chimodzi chowonjezera, choti kamera ilowe kuseri kwa katani, anthu aone zimene zinkachitika m'menemo. Koma chinsinsicho ndi chanu ndi anzanu, si changa. Mukati ayi, ndi ayi.

Munandiphunzitsa kuti mwamuna satsegula katani ya shopu asanaodire. Ndaima pabenchi, Amayi. Odi.

Mwana wanu

15 Meyi

Kabatani,

Amayi akuti ndilembe mawu awo osawonjezera mchere: “Waodira, lowa. Dzina la shopu ndi la msewu usatchule, ntchitoyi sinathe. Diresi latha, ndikubwera.”

A Zipi akuti kuseka ukufunako n'kwa ntchito, sikubwera ndi nthabwala. Atseka chitseko, akhala pamakina opanda ulusi, akujambulira. Kuli pakakadi. Ine ndinatuluka panja, sindikanatha kumvetsera.

Za galasi zija ndinanena ndi mkwiyo. Uzifufute.

Chemwali wako

16 Juni

Mwana wanga,

Ndikulemba ndi dzanja la mpongozi wanga, ndiye ukaona zilembo zokongola usadabwe. Ndinafika bwino. Kaya inu kumeneko, a Zipi mwendo uja uli bwanji?

Ndiyambe ndi kukudzudzula. Ulusi woyera pansalu yobiriwira, anakuphunzitsa ndani? Unkaganiza kuti poti maso afooka ndiye zala nazonso zafa? Pomanga phukusi lija ndinaumva mpenderowo kuti uli ndi pakati. Ndinakhala nawo pamiyendo kanthawi, kenaka ndinamanga chingwe. Lumbiro lija linali litandilemera inenso, kungoti ndinalibe pothulira.

Mlongo wako anandichingamira kudepoti. Wayamba imvi kundevu, ndipo nkhope ndi ya bambo ake yeniyeni. Koma kaimidwe n'kake, kaja kopinda mapewa ngati wabisa batani m'kamwa. Anafuna kugwada pakati pa mabasi. Ndinamuuza kuti anyamule chikwama, thalauza lingade.

Holoyo inadzaza. Anandikhazika kutsogolo chifukwa cha maso, iye mbali iyi, mpongozi mbali inayo. Diresi anthu analiyamikira, mayi wina wa magalasi anafunsa amene anasoka.

Maloto a mlongo wako ndi aatali, mwana wanga. Misana ya akazi yachuluka, mwina ndinatseka diso limodzi. Atsikana akewo tepi amaigwira chozondoka, ndipo wa sizasi amaigwira ngati akudula mpanda. Ndinanena mokweza, anthu a kumbuyo n'kundiuza kuti shii. Koma kamunthu kaja katafupika n'kumakwera pa batani kukoka thalauza lake, holo yonse inaseka, inenso ndinaseka. Ndinamva mlongo wako akuuma thupi pambali panga, ndiye ndinamugwira bondo. Ndinamumvera chisoni kamunthu kaja. Sindinkadziwa kuti pabenchi paja pamaopsa chonchija.

Dzanja la sizasi litaloza kumsewu, kamunthuko sikanapite. Kanagogoda pa mwendo wa tebulo, kanakwawa pansi pa mpendero, n'kulowa. Kuseka kunali kwa a Zipi, ndinakudziwa nthawi yomweyo. M'katimo azimayi akupalasa makina opanda ulusi, pakamwa pakuseka, maso ali gwa. Mtsikana wagwira beseni, madzi akutayikira pamapazi. Wina akudula diresi pang'onopang'ono pamsana pa mayi wokhala pampando. Kamunthu kaja sikanachite kanthu, kanangoima n'kumaona. Ndiye mayi uja anatembenuka, ndipo m'filimu yonseyo imeneyo inali nkhope yoyamba ya mkazi kuoneka. Pomwepo mpongozi wangayu anadula phokoso lonse. Makina zii, kuseka zii.

Ndinalira, mwana wanga. Ndinalira mokweza, m'holo ya anthu mazana atatu, ndili m'diresi langa labuluu. Palibe anapalasa makina, palibe anaseka kuti andibise. Mlongo wako anali pambali panga, ndipo anandimva.

Zina tidzakamba ndikafika. Tikubwera Lachinayi pabasi ya m'mawa, tonse atatu, ndiye ukolope chipinda chake uchotsemo mabokosi a zidutswa. Katani ankafuna aisunge, akuti ndi ya mbiri. Ndakana. Yatsopano ija ndi yopyapyala, mawu amadutsa, ndipo sabata yatha yomweyi unamuona mtsikana uja anabwera kudzayezetsa wopanda nsalu m'manja. Wainyamula kale yekha, waipinda molakwika.

Makina onse anayi uwathire mafuta.

Ndine mayi ako